Kompaila Imene Anthu 24,000 Anapempha

Ambiri a ife tikukumbukira tsiku limene foni inatikana. Ena tinali ndi BlackBerry, ena Nokia Asha, ena Lumia ija ya timabokosi tamitundumitundu. Foni inali bwinobwino, batire ikusunga moto, sikirini yosang'aluka. Koma WhatsApp inaleka kugwira nchito pa BlackBerry kumapeto kwa 2017, pa ma Nokia a S40 kumapeto kwa 2018, ndipo pa Windows Phone kumapeto kwa 2019. Tinadandaula m'mabasi, tinakalipa pa Facebook, ndiyeno mwakachetechete tinapita ku Katondo Street kukasaka ya Android. Yakale ija tinatumiza kumudzi kuti agogo aziimbira.

Palibe anatifunsa. Kwinakwake kutali anthu anakhala pa tebulo, anawerenga ndalama zolipira akatswiri osamalira WhatsApp ya pa mafoni amenewo, n'kuona kuti sizikubwerera. Nkhani ya lero ndi ya tebulo lotero. Ndi mbiri ya anthu amene anapempha kuti chida chawo cholembera mapulogalamu chisamutsidwire pa makina ena, zimene anapatsidwa, ndi zimene zinatsatira.

Nkhaniyi ikukhudza abale athu a kum'mawa. Tengani Vubwi, boma la kumalire limene linachotsedwa ku Chadiza mu 2012, chaka chimenenso Sinda anakhala boma payekha. Mtsikana wa giredi 11 kumeneko mwina sanakhalepo ndi laputopu yakeyake, koma foni ya Android, ngakhale yobwereka kwa achimwene ake, amaigwira madzulo alionse. Akamva kuti kuli anthu amene amadya ndi kulemba mapulogalamu, amafunsa chinthu chimodzi: kodi zingatheke pa foni iyi? Lero zingatheke. Kuti tifike pamenepo padutsa zaka pafupifupi makumi asanu, ndipo njira yake inayenda mokhotakhota.

Tiyambe ndi chida chenichenicho. Kompyuta simva Chingerezi, simvanso Chinyanja. Purosesa yake imamva malamulo a manambala okhaokha, ndipo mtundu uliwonse wa purosesa uli ndi manambala akeake. Ya Intel imene ili m'malaputopu ambiri simvana ndi ya ARM imene ili m'mafoni athu. Munthu salemba manambala amenewa pamanja. Amalemba khodi m'chilankhulo chimene iye angawerenge, monga C kapena Pascal, ndiyeno pulogalamu ina yotchedwa kompaila imatembenuza khodiyo kukhala manambala amene purosesa imamva. Kompaila ndi womasulira, ngati uja amaima pambali pa mlaliki wachilendo kutchalitchi.

Chilankhulo chokha sichikwanira. Pamwamba pa purosesa pali operating system, monga Windows, Linux, Android, kapena DOS ya makedzana. Iyi ndiye mwini nyumba. Pulogalamu ikafuna kutsegula fayilo, kulemba pa sikirini kapena kupatsidwa malo mu memore, imapempha kwa mwini nyumba, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mwambo wake wopemphera. Womasulira wa ku Katete mukamutengera ku Mongu ayenera kuphunzira Chilozi, ayeneranso kuphunzira mmene a kumeneko amagwadira ndi kuomba m'manja pamaso pa akuluakulu. Nchito yophunzitsa kompaila purosesa ina kapena nyumba ina ndi imene tiziitcha kusamutsa. Kompaila ikapanda kusamuka, mapulogalamu onse olembedwa m'chilankhulo chake amatsalira komweko.

Kusamutsa koyamba kotchuka kunabwera chifukwa chosowa ndalama. Dennis Ritchie anapanga chilankhulo cha C mu 1972 ku Bell Labs, ku America, ndipo mu 1973 sisitimu ya Unix inalembedwanso mu C. Unix imeneyi inkayenda pa makina a mtundu umodzi, PDP-11. Yunivesite ya Wollongong ku Australia inafuna Unix yophunzitsira, koma ndalama zinangokwanira makina ena otchedwa Interdata 7/32, amene Unix sinkawadziwa. Nchito inagwera Richard Miller. Iye anayambira pa kompaila ya C, kuisintha kuti izitulutsa manambala a Interdata. Vuto linali lakuti kompaila imafunika kompaila inzake kuti imangidwe, ndipo PDP-11 ya Unix imene akanagwiritsa nchito inali ku Sydney, mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Ankanyamula tepi kupita nayo ku Sydney n'kubwera nayo, ngati mlimi wonyamula thumba la chimanga kupita ku chigayo cha mudzi wina. Mu 1977 Unix inayamba kuyenda pa Interdata. Miller anatha kuchita zimenezi chifukwa khodi ya Unix ndi ya kompaila inali m'manja mwake, ankaiwerenga ndi kuisintha.

Zaka zingapo pambuyo pake makompyuta ang'onoang'ono analowa m'maofesi ndi m'nyumba, ndipo kompaila inasanduka katundu wa m'sitolo. Mu 1983 kampani ya Borland, ya Philippe Kahn, inatulutsa Turbo Pascal pa mtengo wa madola 49.95, pamene makompaila ena ankagulidwa madola mazanamazana. Anailemba ndi Anders Hejlsberg wa ku Denmark. Chilankhulo cha Pascal chinapangidwa ndi Niklaus Wirth ku Switzerland mu 1970 kuti chikhale chophunzitsira, ndipo Turbo Pascal inali yachangu kotero kuti ophunzira ndi a mabizinesi ang'onoang'ono anaikonda koopsa. Kusiyana ndi za Miller kunali kumodzi. Wogula ankalandira womasulira womangidwa kale, khodi yake ili yotsekeredwa ku kampani. Akafuna kuti womasulirayo apite ku nyumba ina, ankatha kupempha basi.

Panali munthu wina amene zotsekerazi zinkamunyansa. Richard Stallman anatulutsa kompaila ya GCC mu 1987, ndipo lamulo lake linali lakuti aliyense akhoza kutenga khodi yake, kuisintha ndi kuigawa, malinga ngati iyenso sawatsekera anzake. GCC inkayenda pa makina akuluakulu a Unix, a m'mayunivesite ndi m'makampani. Anthu wamba anali ndi makompyuta a DOS, ndipo anayamba kufunsa kuti nanga ife.

Malinga ndi mmene DJ Delorie amafotokozera, mu 1989 Stallman analankhula pa msonkhano wa ogwiritsa nchito Unix ku kampani ya Data General, kumene Delorie ankagwira nchito. Atafunsidwa ngati GCC idzasamutsidwira ku DOS, anayankha kuti sizingatheke, chifukwa GCC inali yaikulu kwambiri ndipo DOS inali ya ma bit 16. Sananame. DOS inkapatsa pulogalamu memore yosapitirira makilobayiti 640, yochepa kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano. Koma Delorie anaona kuti purosesa ya Intel 386, imene inali itayamba kufala, inali ya ma bit 32 ngakhale DOS inkaiyendetsa ngati ya 16. Analemba kapulogalamu kotchedwa go32 kamene kankatsegula mphamvu yonse ya purosesayo, n'kubwerera kwa DOS pokhapokha pakafunika kutsegula fayilo kapena zina zotero. Pamwamba pake anaikapo GCC. Nchito yake inatchedwa DJGPP. Achinyamata ambiri a zaka za m'ma 1990 anaphunzirirapo C osalipira kanthu, ndipo gemu yotchuka ya Quake, ya mu 1996, inamangidwa ndi kompaila imeneyi. Mwini wake wa GCC anali atakana, koma kukana kwake sikunatseke khomo, popeza khodi inali poyera.

Ku mbali ya Borland zinthu zinayenda mwina. Kampaniyo inaona kuti ndalama zasamukira ku Windows, ndipo inaleka kukulitsa Pascal ya pa DOS. Mu 1995 inatulutsa Delphi. Ndi Delphi munthu ankakoka batani ndi mausi, kuliika pa windo, kulemba mizere ingapo ya Pascal, pulogalamu ya sitolo kapena ya malipiro n'kuimirira tsiku lomwelo. Anthu ochuluka anamanga mabizinesi awo pa Delphi, ndipo onse anamangirizidwa ku Windows. Nthawi yomweyo Linux, imene Linus Torvalds anayamba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991 pogwiritsa nchito GCC, inali ikukula. Pofika 1999 inali m'kamwa mwa aliyense. Kampani ya Red Hat, yogulitsa Linux, inalowa pa msika wa masheya mu Ogasiti chaka chimenecho ndipo mtengo wa masheya ake unakwera modabwitsa tsiku loyamba. Makasitomala a Delphi anayamba kuliza ng'oma: tipatseni Delphi ya pa Linux.

Kampaniyo, imene pa nthawiyo inali itasintha dzina kukhala Inprise, inachita chinthu chooneka chanzeru. Pakati pa 1999 inaika mafunso pa intaneti kufunsa olemba mapulogalamu zimene akufuna pa Linux. Mayankho anapitirira 24,000. Kwa kampani yogulitsa zida za akatswiri, chimenecho chinali chikhamu. Mu Seputembala 1999 inalengeza kuti nchito yayamba, ndipo inaitcha Kylix, dzina la chikho chomwera cha Agiriki akale.

Nchitoyo sinali yamasewera. Kompaila yokha inali gawo losavutirapo, popeza purosesa inali yomweyo ya Intel. Chovuta chinali mwambo wa nyumba. Mabatani, mawindo ndi timabokosi tonse ta Delphi tinali tomangidwa pa Windows, ndipo anayenera kulemba tina tatsopano toyenda pa Linux. Kylix inatuluka kumayambiriro kwa 2001, kampaniyo itabwerera ku dzina la Borland. Yotsika mtengo inali madola 999, ya maseva madola 1,999. Patangopita miyezi yochepa mtengo unatsitsidwa kwambiri, ndipo anatulutsanso ina yaulere ya olemba mapulogalamu ogawidwa poyera. Kylix 2 inabwera chaka chomwecho, Kylix 3 mu 2002, itawonjezeredwa chilankhulo cha C++. Pamenepo panathera. Sipanakhale Kylix 4.

Chinalakwika n'chiyani? Zifukwa zinaunjikana. Anthu a Linux anali atazolowera zida zaulere monga GCC, ndipo madola 999 anawaona ngati chipongwe. A Delphi enieniwo, amene anali ndi ndalama, atatembenuka anapeza kuti makasitomala awo onse, a m'masitolo ndi m'maofesi, akadali pa Windows ndipo sakufuna kusamuka. Malo olembera khodi a Kylix sanamangidwe mwatsopano onse: anadalira Wine, pulogalamu yothandiza za Windows kuyenda pa Linux, ndipo ambiri anadandaula kuti ndi yolemera ndiponso imagwaigwa. Linux nayonso si nyumba imodzi. Ili m'mitundu yambiri, Red Hat, SuSE, Debian, ndipo mitunduyo imasintha maziko ake pafupipafupi. Pulogalamu ya khodi yoonekera, anthu amangoimanganso maziko akasintha. Kylix inali yotsekedwa, kotero Borland yokha ndiyo ikanaikonza, ndipo italeka kuisamalira inayamba kuvuta kuiika pa Linux yatsopano. Pamwamba pa zonsezo, msika wa makampani a intaneti unagwa mu 2000 ndi 2001, ndalama zinauma, ndipo Borland inatembenuzira maso ku .NET ya Microsoft.

Ife timaidziwa nkhani yotere. Pa msonkhano wa m'mudzi, wina akafunsa kuti ndani akufuna basi izifika kuno tsiku lililonse, manja onse amakwera, chifukwa kukweza dzanja sikudya ndalama. Mwini basi amatenga ngongole, n'kuika galimoto pa msewu wa fumbi. Sabata yoyamba imadzaza. Mwezi wachitatu ena abwerera ku njinga zawo, ena akupempha kukwera pa ngongole mpaka adzagulitse soya. Masipuling'i athyoka kawiri. Tsiku lina basi sibweranso, ndipo amene amavutika kwambiri ndi aja anagulitsa njinga chifukwa choikhulupirira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu 24,000 analira mvula, ndipo matope ake anali mtengo wolipira akatswiri chaka ndi chaka. Si onse ananama. Ambiri ankaifunadi, koma funso limene anayankha linali lakuti mukuifuna kodi, pamene funso losunga kompaila ndi moyo linali lakuti mudzalipira zingati, kwa zaka zingati.

Amene anasamutsira nchito zawo pa Kylix anadikira nthawi yaitali. Zida za Borland zinagulitsidwa kwa kampani ya Embarcadero mu 2008. Kompaila ya Delphi yotulutsa mapulogalamu a Linux inabweranso mu 2017, patapita zaka khumi ndi zisanu. Ulendo uno inali ya maseva, inaikidwa m'mapaketi okwera mtengo, ndipo wolemba khodi ankayenerabe kukhala pa Windows. Kampani inali itaphunzira kuwerenga amene amalipira.

Koma Pascal inali itafika kale pa Linux kudzera njira ina. Mu 1993 wophunzira wa ku Germany, Florian Klämpfl, ataona kuti Borland ikusiya DOS, anayamba kulemba kompaila yakeyake ya Pascal. Mapulogalamu oyamba amene inkatulutsa ankayenda pa go32 uja wa Delorie. Anaiika poyera, ena anabwera kudzathandiza, ndipo Michael Van Canneyt anaisamutsira ku Linux zaka zingapo Kylix isanabadwe. Imeneyi ndi Free Pascal. Mu 1999 gulu lina linayamba Lazarus, malo olembera ofanana ndi Delphi omangidwa pa Free Pascal. Tisaiwale mtengo wake: Lazarus inafika pa nambala 1.0 mu 2012, patatha zaka khumi ndi zitatu za anthu ogwira nchito usiku ndi Loweruka. Borland inamaliza Kylix m'zaka zosakwana ziwiri. Koma lero Kylix ndi ya m'mabuku a mbiri, pamene Free Pascal imayenda pa Windows, Linux, macOS, ndi pa mapurosesa a ARM.

Mwina wina afunsa kuti za azungu zimenezi zikutikhudza bwanji. Kuchokera ku Vubwi, Lilongwe si kutali, ndipo kumeneko kuli chitsanzo. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Lilongwe chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kulembetsa odwala pa makompyuta ogwira ndi chala pa sikirini. Makinawo anali ma i-Opener, timakompyuta timene kampani ya Netpliance inkagulitsa ku America pa madola 99 kuti anthu azionera intaneti, bizinesi yake isanalephere. A Baobab anatenga makina amene eni ake anali atawataya, n'kuwaika sikirini yogwira ndi chala. M'kupita kwa zaka anamanga nchito yawo pa Linux ndi pa zida zoonekera monga Ruby on Rails, ndipo olemba khodi ambiri anali achinyamata a ku Malawi komweko. Mu 2006 pulogalamu yawo yothandiza kupereka mankhwala a ARV inayamba kugwiritsidwa nchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Palibe kampani ya makompaila imene ikanatumiza mafunso ku Lilongwe kufunsa zimene anamwino akufuna. Msikawo unali waung'ono kwambiri kuti uoneke pa tebulo lija. Nchitoyo inatheka chifukwa zida zinali zitasamutsidwa kale ndi ena, ndipo zinali zololedwa kusinthidwa.

Kwathu kuno tinaphunzira phunziro lowawa la makina mu 2015. Boma litaika Computer Studies m'masukulu a giredi 8 ndi 9 mu 2014, mayeso oyamba a giredi 9 analembedwa chaka chotsatira. Masukulu ambiri anali ndi makompyuta ochepa, ena analibe magetsi, ndipo chinali chaka chimene madzi anachepa ku Kariba, malaiti akuzimazima dziko lonse. M'masukulu ena ana anadikirana pa makompyuta mpaka usiku kuti alembe mayeso a pulakitiko. Ena a ife tinali m'mizere imeneyo, ena tinali kudikira ang'ono athu pa geti. Phunzirolo linakonzedwa poganizira kompyuta ya pa desiki yolumikizidwa ku khoma. Kompyuta imene inali ikulowa m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi nthawi yomweyo inali ina, yokwana m'thumba, yotchajidwa ndi kasola ka padenga.

Foni ya Android ili ndi mtima wa Linux mkati mwake, ndipo purosesa yake ndi ya ARM. Opanga mafoni sanaiganizire ngati cholembera mapulogalamu. Anaipanga kuti tizionera ndi kugulira. Koma mu 2015 Fredrik Fornwall anatulutsa Termux, pulogalamu yaulere ya khodi yoonekera imene imatsegula windo lakuda la malamulo pa foni. M'menemo munthu amatha kuika Clang, kompaila ya C ndi C++, kapena Python, n'kulemba pulogalamu, kuimanga ndi kuiyendetsa pa foni pomwepo. Akamaliza kukopera, intaneti safunikanso kuti alembe ndi kuyesa khodi yake. Ndi nchito yofanana ndi ya Miller ndi ya Delorie: wina anatenga kompaila ya khodi yoonekera, n'kuiphunzitsa mwambo wa nyumba imene eni ake sanaiitanire. Palibe mafunso a makasitomala amene anatumizidwa ku Vubwi, koma kompaila inafika.

Tisanyadire msanga. Mwini nyumba akadali mwini nyumba. Google itasintha malamulo a zimene mapulogalamu a pa Play Store angachite kuyambira pa Android 10, osamalira Termux anaima kutulutsa zatsopano kumeneko mu 2020, ndipo anauza anthu kuti aziitenga ku F-Droid, sitolo ina ya mapulogalamu oonekera. Amene sanamve uthengawo anatsala ndi yakale yosagwira bwino nchito. Komanso zida zotere zimasamalidwa ndi anthu ochepa osalipidwa, amene amatopa, amakwatira, amapeza nchito zina. Kulemba khodi pa kasikirini ndi zala ziwiri n'kotopetsa, ndipo palibe amene ali ndi laputopu angasinthanitse ndi foni. Kusiyana ndi Kylix n'kwakuti osamalira akatopa, khodi imatsala poyera kuti wina aitole.

Mbiri imeneyi ikutipatsa ife njira ziwiri zokha zimene zinagwirapo nchito. Yoyamba ndi kupempha ndi ndalama m'manja. Kampani imamva kasitomala amene wasaina kuti adzalipira, ndipo imamva bwino gulu kuposa munthu mmodzi: sukulu, koleji, kopaletivu ya alimi, bungwe logula malayisensi ambiri pamodzi. Tikamadandaula kuti apu ya banki kapena ya feteleza ikukana pa mafoni athu otsika mtengo, madandaulo a pa Facebook amafanana ndi manja okwezedwa pa msonkhano uja. Kalata ya gulu yonena kuti tili angati, tili ndi mafoni otani, ndipo tichotsa ndalama zathu zikapanda kukonzedwa, imalemera mwina. Njira yachiwiri ndi kukhala ndi luso ndi ufulu wosamutsa tokha. Iyi imayamba ndi kusankha zimene tikuphunzira. Wophunzira C, Python kapena Pascal pa zida zoonekera akhoza kuchoka pa foni kupita pa laputopu yakale ya salaula, kuchoka pamenepo kupita pa seva ya kampani, luso lake lili naye. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Sitikunena kuti aliyense wa ife alembe kompaila. Miller, Delorie ndi Klämpfl anali ochepa ngakhale kwawo. Koma nchito zawo zinakhalitsa chifukwa cha anthu ambirimbiri amene anayesa pa makina awo n'kulemba kuti apa pakugwa, pa makina akutiakuti, ndikachita chakutichakuti. Mutu umodzi susenza denga. Mafoni amene ife tili nawo, ma itel ndi ma Tecno a memore yochepa, otentha m'thumba mu Okutobala, ndi amene olemba zida ambiri ku Ulaya ndi ku America alibe pa desiki pawo. Lipoti limodzi lolembedwa bwino lochokera ku Chipata kapena ku Matero limawauza zimene sakanazidziwa. Ndi nchito yaing'ono, yosafuna digiri, ndipo munthu amene waichita kangapo amayamba kuwerenga khodi imene akuidandaula.

Tikamapita kumudzi pa Kulamba kapena pa Khirisimasi, timanyamula shuga, sopo ndi chitenje cha amayi. Ulendo uno tikhoza kuwonjezera chinthu chopanda kulemera. Tisananyamuke mu tauni, kumene bandulo ndi netiweki sizivuta, tiike Termux ndi kompaila pa foni imene tikukasiyira mng'ono wathu, tiiyese kuti ikuyenda. Tikafika, tikhale naye pakhonde madzulo amodzi, timuonetse mmene amalembera mizere isanu yowerengera mtengo wa matumba a chimanga amene banja lagulitsa chaka chino. Akalakwitsa, kompaila idzamuuza nambala ya mzere umene walakwitsa, ndipo adzaukonza yekha.